Kutentha kwa kuchigwa ndi wotchi ya woyendetsa sitima

Tikafika pamutu wa kufutukuka kwa zitsulo, ambiri mumangokumbukira mipata ya pakati pa njanji. Ine ndimakonda chitsanzo chaching'ono kuposa pamenepo: wotchi ya m'thumba ya anthu a sitima.

Njanji ya Shire Highlands Railway inachokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, kudzera ku Chiromo mpaka kufika ku Blantyre mu 1908. Inali njanji imodzi yokha, ndiye sitima ziwiri zimayenera kupatukirana pasiteshoni. Panjanji yotere nthawi ndi moyo. Mu 1891 ku Kipton, m'dziko la America, sitima ziwiri zinawombana ndipo anthu anafa. Akuti wotchi ya woyendetsa mmodzi inatsalira ndi mphindi 4. Werengerani nokha: sitima yothamanga makilomita 30 pa ola imayenda makilomita awiri m'mphindi zimenezo. Patsogolo pake, makampani a njanji kumeneko analamula kuti wotchi isamaphonye kuposa masekondi 30 pa sabata.

Nanga kutentha kukulowapo bwanji? M'kati mwa wotchi muli kagudumu kotchedwa balance wheel, kamene kamapita uku ndi uku kokankhidwa ndi kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi. Kukatentha, kagudumu kamafutukuka, komanso kasipuling'i kamafewa, ndipo kufewaku ndiye vuto lalikulu. Kugunda kulikonse kumatenga nthawi yotalikirapo, wotchi n'kumachedwa. Wotchi yopanda chitetezo imataya masekondi pafupifupi 10 patsiku kutentha kukakwera ndi digiri imodzi yokha. Tsopano ganizirani sitima yonyamuka ku Nsanje mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kutentha kutapitirira madigiri 40, n'kukwera mpaka ku Limbe kozizirira.

Amisiri anathana nalo vutoli mochenjera kwambiri. Mkombero wa kagudumu anaupanga ndi zitsulo ziwiri zomatana, brass kunja, steel m'kati, n'kuudula pawiri. Brass imafutukuka kwambiri, choncho kukatentha mbali zodulidwazo zimapindikira m'kati, kagudumu n'kuchepa, n'kumagunda msanga. Ndi bimetallic strip yomwe ija ya m'buku mwanu, yomwenso imazimitsa ayironi ikatentha kwambiri.

Kenaka Charles Guillaume wa ku Switzerland anapanga Invar ndi Elinvar, zitsulo zosasintha kwenikweni ndi kutentha, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1920.

Yesani funso ili: wotchi yopanda chitetezo itakhala sabata yonse pamalo otentha ndi madigiri 8 kuposa pomwe anaitcherera, ingatsalire ndi mphindi zingati?