MATHIRIPISI A M'ZINYALALA ZA MASAMBA: KUWADZIWA NDI KUWASIYANITSA

M'miyezi ya chilimwe, pamene mitengo ya m'tchire monga mombo iri kuyoyola masamba, alimi ambiri a m'madimba amasesa masambawo nawayala pa mabedi a anyezi ndi tomato kuti nthaka isaume msanga. Imeneyi ndi ntchito yabwino ndithu. Koma kawirikawiri zimachitika kuti masamba a anyezi ayamba kuchita mawanga otuwa onyezimira, ndipo mwini dimba akafukula zinyalala zija napezamo tizirombo tating'ono takuda tiri kuyendayenda, amati wagwira mbala. Pomwepo amatentha zinyalala zonse, kapena amathamangira kusitolo kukataya ndalama pa mankhwala. Nthawi zambiri amene wagwidwayo si mbala ayi, ndi mbale wake chabe wa mbalayo.

Tizirombo timeneti m'Chingerezi amatitcha thrips, ndipo pa Chichewa anthu angoti mathiripisi. Akatswiri analemba kale mitundu yoposa 6,000 pa dziko lonse, ndipo pafupifupi theka la mitunduyo silikhudza konse mbewu yamoyo. Chakudya chake ndi chuku chimene chimamera pa masamba ovunda, pa nthambi zakufa ndi pansi pa makungwa. Mlimi kapena mphunzitsi amene adziwa kusiyanitsa magulu awiriwa adzasunga manyowa ake ndi ndalama zake zomwe.

THUPI LAKE

Kathiripisi ndi kakang'ono koposa mbewu ya chitowe. Ambiri kutalika kwao ndi milimita 1 kapena 2, ndipo ndi oonda ngati kachidutswa ka ulusi wosokera. Aakulu koposa onse, amene apezeka m'maiko otentha monga Australia, amapitirira sentimita imodzi. Monga tizirombo tinzake kali ndi mutu, chifuwa ndi mimba, miyendo 6 ndi tinyanga tiwiri tatifupi ta mfundo 6 mpaka 9.

Chimene chimakasiyanitsa ndi tizirombo tina ndi mapiko. Mapiko ake anayi ndi opapatiza ngati kamzere, ndipo m'mbali mwake muli ubweya wautali wonga mphonje za nsalu. Chifukwa cha ichi, m'chaka cha 1836 katswiri wa ku Ireland dzina lake Haliday anatcha fuko lonseli Thysanoptera, mau a Chigriki otanthauza mapiko a mphonje. Pakamwa pake palinso chodabwitsa. Tizirombo tambiri tiri ndi zibwano ziwiri, koma kathiripisi kali ndi chakumanzere chokha, chosongoka ngati singano. Ndi chimenechi kamaboola, ndipo kenaka kamayamwa ndi timisingano tina tiwiri tolumikizana ngati kabango. Tsamba la anyezi likatuwa, ndiye kuti madzi ake anayamwidwa ndipo m'malo mwake munalowa mpweya.

M'zinyalala muli anansi ambiri amene angasokoneze munthu woyamba kumene. Kachirombo kakadumpha m'mwamba pongokhudzidwa, koma kopanda mapiko ndi kofewa thupi, kameneko ndi ka fuko lina lodumpha ndi mchira wopindika pansi pa mimba. Kokhala ndi miyendo 8, kopanda tinyanga, ndi m'bale wa nkhupakupa. Ovuta kwambiri ndi tizikumbu tina tatitali takuda timene timadzutsa mimba m'mwamba poyenda, monga amachitiranso mathiripisi. Tizikumbuti tiri ndi zibwano zolumira, tinyanga tatitali, ndi timapiko tolimba tatifupi pamsana topanda mphonje.

MAGULU AWIRI AAKULU

Munthu wokhala ndi galasi lokuzira zinthu kakhumi ayenera kuyang'ana poyamba kumapeto kwa mimba, pakuti mlandu wonse umagamulidwa pamenepo.

Gulu loyamba ndi Terebrantia. Mimba ya gulu ili imatha mosongoka pang'ono kapena mobulungira. Wamkazi ali ndi kasowo pansi pa mimba, kamene amachekera tsamba kapena duwa nabisa dzira lake m'katimo. Kachirombo kakapuma, mapiko ake amagona moyandikana, lina pambali pa linzake. Mitundu yambiri ya gulu ili ndi yachikasu kapena yofiirira, ndipo imathamanga msanga. Adani a mlimi pafupifupi onse ali muno, m'banja lotchedwa Thripidae: Thrips tabaci wa pa anyezi, Megalurothrips sjostedti amene amayoyola maluwa a khobwe ndi nyemba, Scirtothrips aurantii wa pa malalanje ndi tiyi, amene J. C. Faure wa ku Pretoria anamulemba m'chaka cha 1929, ndiponso mitundu ya Frankliniella imene imafalitsa nthenda yofotetsa ndi kuchititsa mawanga pa tomato, fodya ndi mtedza.

Gulu lachiwiri ndi Tubulifera. Mfundo yotsiriza ya mimba yao, mwa amuna ndi akazi omwe, ndi kampopi koongoka kokhala ndi tiubweya kunsonga. Alibe sowo, kotero mazira amangowaika pamwamba pa tsamba louma kapena m'ming'alu ya khungwa. Mapiko ao alibe mitsempha, ndipo popuma amasanjikizana limodzi pamwamba pa linzake. Ambiri ndi akuda kapena oderapo, aakulupo, ndi oyenda mosafulumira. Gulu lonseli ndi banja limodzi lokha, Phlaeothripidae, koma ndi banja lalikulu koposa onse, la mitundu yoposa 3,000. Eni ake enieni a zinyalala za masamba ndi amenewa.

Komatu lamuloli liri ndi mipata, ndipo mphunzitsi asauze ana kuti aliyense wa kampopi amadya chuku. Mitundu ya Haplothrips iri ndi kampopi koma imakhala m'maluwa ndi m'ngala za udzu, ndipo ina ya Gynaikothrips imapinda masamba a mitengo ya mtundu wa kachere nikhala m'katimo. Mbali inayo, banja laling'ono la Merothripidae ndi la Terebrantia, koma limakhala m'zinyalala ndi m'timitengo touma, ndipo limadya chuku.

ODYA ULUSI NDI ODYA FUMBI

Chuku chiri ndi mbali ziwiri. Pali tiulusi toyera timene timayanga m'tsamba lovunda, ndipo pali fumbi losalala limene ndilo mbewu yake. Banja la Phlaeothripidae linagawidwa pawiri, ndipo kugawaku kumatsata kwambiri zakudya ziwirizi.

Nthambi yotchedwa Idolothripinae, ya mitundu yoposa 700, imameza fumbi la chuku lathunthu. Kuti fumbilo lipite, timisingano tao toyamwira ndi totakata. Katswiri akaika kachirombo kotere pa makina okuzira zinthu, nthawi zina amaona fumbi lija litadzaza m'matumbo. Aakulu ambiri ali m'nthambi imeneyi. Mwa iwo muli Elaphrothrips, wakuda ndi wamutu wautali, wopezeka kwambiri m'Africa pa masamba akufa amene akali lende pa nthambi yothyoka. Ameneyu ndiye woyenera kuyamba naye ana a sukulu, pakuti amaoneka ndi maso okha.

Nthambi inayo, Phlaeothripinae, ndi yaikulu kopambana, ndipo timisingano take ndi tating'ono kwambiri. A m'zinyalala a nthambi iyi amayamwa tiulusi ta chuku. Ambiri a iwo ndi achikasu kapena a mitundu iwiri, ndipo ochuluka alibe mapiko konse, chifukwa wokhala pakati pa chakudya chake sasowa kuuluka. Pakati pao pali kagulu kosaiwalika ka Urothrips ndi abale ake monga Stephanothrips. Thupi lao ndi lokakala ngati khungu la ng'ona, mfundo za tinyanga zinachepa chifukwa zina zinalumikizana, kampopi ndi katalitali, ndipo ubweya wa kunsonga kwake umatalika koposa kampopiko.

Tsono pali misampha itatu imene inagwirapo ngakhale akatswiri. Woyamba ndi wa mapiko: mtundu umodzi womwewo ukhoza kukhala ndi ena amapiko ndi ena opanda mapiko, ndipo opanda mapikowo amakhala ndi maso aang'ono, kotero amaoneka ngati mtundu wina. Wachiwiri ndi wa amuna. M'mitundu yambiri yodya chuku muli amuna aakulu a miyendo yakutsogolo yonenepa ndi yaminga, imene amamenyanirana polimbirana akazi, ndiponso muli amuna aang'ono ofanana ndi akazi. Kale anthu ena analemba mwamuna wamkulu ndi wamng'ono ngati mitundu iwiri, ndipo ntchito yokonza maina otere yatenga zaka zambiri. Wachitatu ndi wa ana. Dzira likaswa, mwana amapita m'misinkhu iwiri ya kudya, ali woyera, wachikasu kapena wofiira ngati magazi. Kenaka amagona osadya m'misinkhu iwiri ngati ali wa Terebrantia, kapena itatu ngati ali wa Tubulifera. Ana saonetsa zizindikiro zokwanira. Wofuna dzina la mtundu ayenera kutola aakulu, ndipo atole ambiri, osati mmodzi.

KAGWIDWE KAKE

Njira yapafupi ndi ya sefa. Munthu atenge zinyalala zodzaza manja awiri, makamaka za pansi zimene ziri zachinyezi pang'ono ndi zoyanga chuku, azisefere pa mbale yoyera kapena pa nsalu yoyera, ndipo adikire. Poyamba sipaoneka kanthu. Pakapita kamphindi, dzuwa likatenthetsa mbaleyo, tizidutswa tina timayamba kuyenda. Atole ndi nsonga ya nthenga ya nkhuku yoviikidwa m'sipiriti. Nthambi yakufa yokhala ndi masamba ake, kapena tsamba louma la nthochi, amangoligogoda ndi kamtengo pamwamba pa mbaleyo. Ana asapise manja m'zinyalala asanatakase ndi ndodo, chifukwa njoka ndi zinkhanira zimakondanso malo omwewo.

Njira yogwira ochuluka ndi ya fanelo. Anaiyamba ndi Antonio Berlese wa ku Italy m'chaka cha 1905, amene ankatenthetsa fanelo yake ndi madzi otentha. M'chaka cha 1918 Albert Tullgren wa ku Sweden anaikonzanso poika nyale ya magetsi pamwamba. Nzeru yake ndi yakuti tizirombo ta m'zinyalala timathawa kuuma ndi kuwala. Pa sukulu ya kumudzi botolo lalikulu la pulasitiki likwanira. Alidule kumatako, alizondotse, aike kawaya wa sefa m'kati, ndipo pa wayayo athirepo zinyalala mosatsendera. Kukamwa kwa botolo kuloze m'kabotolo ka sipiriti. Likaikidwa padzuwa, zinyalala zimauma kuyambira pamwamba, tizirombo timatsikira pansi, mpaka tigwera m'sipiritimo. Ntchitoyi imafuna masiku atatu kapena kuposerapo. Wofulumira amene ayandikizitsa moto amapha tizirombo tisanatsike, ndipo koloboyi pafupi ndi masamba ouma ndi sipiriti ndi ngozi ya nyumba yonse.

Sipiriti isakhale yaukali kwambiri, pakuti imaumitsa thupi ndi kupinda miyendo. Magawo awiri a sipiriti ndi gawo limodzi la madzi oyera ndi muyeso wabwino. M'kabotolo mulowe kapepala kolembedwa ndi pensulo, osati inki, chifukwa inki imasungunuka. Palembedwe malo, tsiku, mtengo umene masambawo anachokera, ndi ngati anali pansi kapena lende. Kabotolo kopanda kapepala kalibe ntchito kwa katswiri aliyense.

Galasi la m'manja limafikitsa munthu pa gulu, ndipo nthawi zina pa banja. Kupitirira apo pafunika makina okuzira zinthu kambirimbiri. Katswiri amaviika kachirombo m'mankhwala oyeretsa thupi kuti kuwala kupyole, amakagoneka pa kagalasi atatambasula mapiko ndi tinyanga, ndipo amawerenga mfundo za tinyanga, ubweya wa pachifuwa, ndi kuona kutakata kwa timisingano m'kati mwa mutu. Mathiripisi a m'zinyalala za m'Africa sanafufuzidwe mokwanira monga a pa mbewu, kotero kabotolo kolembedwa bwino kochokera m'nkhalango za Mulanje, Zomba kapena Ntchisi nkoyenera kusungidwa ndi kuperekedwa kwa alangizi kuti akafikitse kwa odziwa.

NANGA DIMBA LIJA?

Pano pafunika kunena mosamala. Mathiripisi akuda a kampopi amene anabwera ndi masamba a m'tchire sangakwere pa anyezi kukadya. Chuku chikatha, iwonso amatha. Wotentha zinyalala chifukwa cha iwo wataya chinyezi ndi manyowa pachabe, ndipo waphanso akangaude ndi tizirombo tina tolusa timene timadya mathiripisi oononga.

Koma adani aja nawonso amatsikira pansi. Ana a Thrips tabaci ndi a Megalurothrips akakhuta, amagwa pa mbewu nakagona m'dothi kapena m'zinyalala za patsinde kufikira atamera mapiko. Chifukwa chake zotsalira za anyezi, za khobwe ndi za tomato wodwala siziyenera kuyalidwa pa bedi latsopano la mbewu yomweyo. Zikwiriridwe mozama kapena ziikidwe pa dzenje la manyowa kutali ndi nazale, ndipo mbewu zisinthane malo.

Mlimi wokayika asafufuze pansi pokha. Akanule masamba a anyezi pakhosi pamene amatulukira, kapena agogode maluwa a khobwe pa mbale yoyera m'mawa kusanatenthe. Akaona tachikasu tambiri tothamanga, kapena takuda topanda kampopi m'maluwa a khobwe, mdani ali pa mbewu, ndipo apite kwa mlangizi asanagule mankhwala, pakuti mathiripisi amazolowera msanga mankhwala opoperedwa kawirikawiri. Akapeza pa mbewu palibe kanthu, koma pansi pali akuda a kampopi, abwezere zinyalala pamalo pake ndipo athirire dimba lake monga mwa masiku onse.