Ndalama za mjigo: mafunso ndi mayankho

Kalata yoyamba yachokera ku Mauwa, m'boma la Chiradzulu. Alemba ndi mayi amene ali msungichuma wa komiti ya mjigo. Akuti: "Mjigo utangokumbidwa, banja lililonse linkasonkha mwezi ndi mwezi. Lero osonkha ndi owerengeka, koma potunga ndowa zimachita kundanda. Kodi anthu akwathu ndi oumira?"

Zikomo mayi. Kuumira ayi. Anthu omwewo, m'mudzi mukagwa zovuta, amatulutsa ufa, nkhuni ndi ndalama tsiku lomwelo. Pamaliro pamakhala kope, zopereka zimalengezedwa pagulu, ndipo aliyense amaona nsima ikuphikidwa. Kumjigo munthu amapereka osadziwa ngati mnzake wapereka, osadziwanso kumene ndalamayo yagona. Ambirife timasonkha tikaona kuti anzathu akusonkha. Chimene sitifuna n'kupusitsidwa. Banja limodzi likatunga ulele miyezi iwiri osafunsidwa, loyandikana nalo limati, "Nanga ine ndalakwanji?" Basi, thumba layamba kuphwa.

Si kwathu kokha. Cha m'ma 2000, ku Switzerland, ofufuza Ernst Fehr ndi Simon Gächter anapatsa anthu ndalama kuti aziponya m'thumba limodzi lopindulira onse. Poyamba ankaponya ndithu, koma zopereka zinkatsika ulendo uliwonse. Atawalola kulipitsa ozemba, zinakweranso.

Ndiye mayi, werengani kope lanu pamsonkhano wa amfumu: wapereka ndani, zalowa zingati, zatuluka zingati. Mukagula mipira kapena ndodo za mjigo, onetsani lisiti, ngakhale mpira wothawo anthu augwire. Mjigo wa mtundu wa Afridev umafuna kusinthidwa tizipangizo timeneti usanafe, pamene mtima wa munthu umachedwa kulipirira chinthu chomwe chikugwirabe ntchito. Ukafa m'pamene aliyense amayamba kufunsa za mekaniki, ana akumwa kale madzi a m'dambo.

Kalata ina ndi ya bambo a komweko: "Bwanji tingoika loko, osalipira asatunge?"

Bambo, musathamangire loko. Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2009, anafufuza midzi yosamala pamodzi nkhalango, msipu ndi ngalande zothirira. Anapeza kuti zinthu zimakhalitsa kumene eni ake apanga okha malamulo, ndipo chilango chimayamba chaching'ono: chenjezo, kenako chindapusa, chachikulu pambuyo. Loko wa tsiku loyamba amabala chidani, ndipo wolangika ndi mwana wotunga madzi, osati bambo wokana kulipirayo.

Gwirizanani poyera kuti agogo ndi odwala sasonkha. Zikanenedwa pagulu palibe amadandaula. Komanso musamatolere mu Febuluwale nkhokwe zili mbee. Tolerani za chaka chonse anthu akagulitsa nandolo, wopanda ndalama abweretse chimanga.

Amayi a ku Mauwa, mukayesa zimenezi mutilemberenso mutiuze mmene zayendera.