PHUNZIRO 21: CIZINDIKIRO CA GALIMOTO

Mwini khola aliyense adziwa ng'ombe zace. Ena azidula makutu, ena aziocha ndi citsulo camoto, kuti mbala ikaba ng'ombe ndi kukaigulitsa kutali, mwini wace akathe kuizindikira. Galimoto nayonso ili ndi cizindikiro cace, ndipo malamulo oletsa kuba magalimoto atsamira pa cizindikiro cimeneci.

Popanga galimoto, amisiri akhomerera nambala pa citsulo ca thupi lace. Imeneyi icedwa nambala ya cesisi. Pa magalimoto ambiri a ku Ulaya ndi ku Amereka ili ndi malembo ndi manambala 17, koma pa ambiri ogwiritsidwa kale nchito ocokera ku Japan ili yaifupi. Injini nayonso ili ndi nambala yaceyace. Mbala ingathe kusintha utoto ndi nambala ya kutsogolo usiku umodzi, koma kufafaniza nambala ya cesisi osasiya cipsera nkobvuta.

M'dziko lathu la Zambia, bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la 2002, ndilo lilemba magalimoto. Dzina la mwini wace pamodzi ndi manambala aja zilembedwa pa kalata imene anthu aicha white book. Galimoto ikagulitsidwa, dzina liyenera kusinthidwa.

Mbala zambiri zithawitsira magalimoto ku maiko ena, pakuti ziganiza kuti kumeneko sadzadziwika. Cifukwa cace m'caka ca 1995 akulu a apolisi a maiko a kumwera kwa Afirika anapangana ku Victoria Falls kuti azithandizana, ndipo bungwe lao licedwa SARPCCO. Palinso Interpol, bungwe la apolisi a maiko ambiri, limene likulu lace lili ku Lyon m'dziko la France. Ilo lisunga mndandanda wa magalimoto obedwa. Motero galimoto yolowa pa Mwami, pa Chirundu kapena pa Nakonde, apolisi ayamba ayang'ana manambala ace isanalembedwe m'dzina la munthu kuno.

Lamulo lathu la milandu, Penal Code, liti wakuba galimoto akhale m'ndende zaka zosacepera 5. Koma sililekera pa mbala yokha ai. Munthu wolandira cinthu, podziwa kapena pokhala naco cifukwa ca kuganiza kuti ncakuba, nayenso ali ndi mlandu. Lamuloli nlanzeru, pakuti mbala ikasowa wogula, kuba kulibe phindu.

Tiyerekeze kuti mlimi wina wa ku Katete wasunga ndalama za nshawa ndi thonje zaka zinai. Tsiku lina mlendo afika ndi galimoto yokongola, naichula mtengo wocepa zedi. Mlimi afunsa za white book, koma mlendo ati, "Musade nkhawa, bambo, ndidzabwera nayo mawa." Mlimi apereka ndalama, ndipo mawa lija silifika. Patapita miyezi, apolisi amuimitsa pa mseu wa ku Chipata, napeza kuti galimotoyo inabedwa ku Lusaka. Galimoto ibwerera kwa mwini wace, ndalama zapita ndi mlendo uja, ndipo mlimi atsala ndi mafunso a apolisi. Zoonadi akulu anati, "Safunsa anadya phula."

Ana inu, ena a inu mudzakhala oyendetsa magalimoto, ena amakanika, ena apolisi. Pogula galimoto, kapena ngakhale njinga, muone kuti manambala a pa citsulo alingana ndi a pa kalata, ndi kuti dzina la wogulitsa ndilo lolembedwa pamenepo. Mukakayika, pitani kwa apolisi ndalama zikali m'thumba.

MAFUNSO

1. Kodi nambala ya cesisi ifanana bwanji ndi cizindikiro ca ng'ombe?
2. Pa white book palembedwa ciani?
3. Cifukwa ninji lamulo lilanganso wolandira zakuba?
4. Chulani zinthu ziwiri zimene zikanacenjeza mlimi wa ku Katete.