Kuswana Pachibale pa Ziweto: Mafunso ndi Mayankho a Alimi a ku Tsangano

Kodi kuswana pachibale n'kutani?

Ndi kukwerana kwa ziweto za magazi amodzi: tonde kukwera mwana wake, nkhumba za bere limodzi kuberekana zokhazokha, tambala kukwera misoti imene anabereka yekha. M'midzi ya ku Tsangano izi zimachitika popanda munthu kuzifuna. Mbuzi zimamangidwa pachingwe dzinja lonse, banja limagulitsa tonde wamkulu wonenepa pofuna ndalama ya feteleza wa kachewere, ndipo m'khola mumatsala katonde kamene kanabadwira momwemo. Katondeko kamayamba kukwera kasanathe n'chaka chomwe, ndipo zazikazi zimene kali nazo pafupi ndi make ndi alongo ake.

Nanga choipa chake chimachokera pati?

Maonekedwe ndi mphamvu za chiweto zimasungidwa m'tizinthu ta m'thupi totchedwa majini. Tizinthuti timakhala tiwiritiwiri, kena kochokera kwa bambo, kena kwa mayi. Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno amene anafufuza pa nsawawa, ndiye anafotokoza zimenezi mu 1866. Chiweto chilichonse, ngakhale chooneka bwino chotani, chimakhala ndi majini ena olakwika, koma amabisika chifukwa anzake abwino amawaphimba. Makolo akakhala apachibale, amakhala atatengera cholakwika chimodzimodzi kwa kholo lawo, tsono mwana amachilandira mbali zonse ziwiri, chophimba n'kusowa. Apo m'pamene chilema chimatulukira poyera.

Sewall Wright, mu 1922, anapereka njira yowerengera zimenezi. Bambo akakwera mwana wake, kapena za bere limodzi zikakwerana, mwayi woti mwana alandire majini ofanana kuchokera kwa kholo limodzi ndi 25 pa 100. Zikakhala za bambo mmodzi koma amayi osiyana ndi 12.5, ndipo pa asuweni ndi 6.25. Chiwerengerochi chimakwera m'bado uliwonse ngati khola sililandira magazi achilendo.

Mlimi angazindikire bwanji?

Kawirikawiri vutoli silibwera mwadzidzidzi, n'chifukwa chake limapusitsa. Nkhumba imene make ankaswa ana ambiri imaswa ochepa, ena obadwa akufa. Timbuzi timabadwa tofooka, tochedwa kuimirira ndi kuyamwa, ndipo timakula mopinimbira. Mazira ambiri amasukusa. Nthawi zina pamaoneka chibwano chokhota kapena chotupa cha pamchombo. Komabe njala, njoka za m'mimba ndi khola lachinyezi zimabweretsanso kupinimbira, ndipo kumalo ozizira ngati mapiri a Kirk chibayo chimapha timbuzi tambiri. Woweta ayambe waona zimenezi asanaloze chala magazi.

Kodi zimenezi zimachitikanso kwa nyama zina, monga njoka?

Inde, ndipo njoka zinapereka umboni womveka bwino. Ku Smygehuk, kum'mwera kwa Sweden, kagulu ka njoka zaululu za banja limodzi ndi mphiri kanatsekerezedwa ndi minda, osakumananso ndi zinzake. Ana ambiri ankabadwa akufa kapena opunduka, ndipo kaguluko kankatha. Mu 1992 Thomas Madsen ndi anzake anabweretsa zamphongo 20 kuchokera kwina, ndipo patapita zaka zochepa njoka zinayambanso kuchuluka. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1999.

Oweta njoka m'nyumba ku America ndi ku Ulaya amachita dala zimene mlimi amachita mosadziwa. Akapeza nsato yaing'ono ya ku Ghana kapena ku Togo yokhala ndi mawanga achilendo, amaikweretsa ndi ana ake kuti mawangawo akhazikike, poti ndiwo amadula pamsika. Mawanga amakhazikikadi, koma zobisika zija zimakhazikika nawo limodzi.

Mbewu ya kachewere ikamatha mphamvu, ndi vuto lomweli?

Ayi. Kachewere amabzalidwa kuchokera ku mbatata yeniyeniyo, popanda bambo ndi mayi kukumana, choncho mbewu yatsopano imafanana ndendende ndi yakale. Chimene chimafooketsa mbewu yobwerezabwereza ndi matenda, makamaka mavairasi ofalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba, komanso nthenda yofotetsa, amene amasungika m'mbatatamo chaka ndi chaka.

Tsono njira yopewera ndi yotani?

Mphongo ndiyo iyenera kusinthidwa, chifukwa imodzi imabereka ana a khola lonse. Mbuzi imakhala ndi bere miyezi isanu, nkhumba masiku 114, ndipo ana aakazi amatha msinkhu chaka chisanathe. Choncho tonde asapitirire chaka ndi theka pakhola limodzi, ndipo nkhumba yamphongo ichotsedwe ana ake aakazi asanayambe kufuna mphongo. Timphongo tosafunika tifulidwe tikadali tating'ono. Alangizi a ziweto amadziwa kachitidwe kake. Kusinthana ndi khola loyandikana sikuthandiza kwenikweni, poti mbuzi za mudzi umodzi nthawi zambiri n'zapachibale kale, makamaka zimene zinabwera m'ndondomeko yopatsirana ziweto. Ndi bwino kufunsa kumene mphongo inabadwira ndi kutenga ya mudzi wakutali.

Kodi kugula mphongo kutsidya, ku Mozambique, kulibe vuto?

Magazi angakhale achilendo, koma malire a ku Tsangano ndi Mozambique ndi njira imene matenda amadutsiranso, ndipo chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala. Kusamutsa ziweto kumafuna chilolezo cha a zaulimi. Chiweto chatsopano, kaya chachokera kutsidya kaya kumsika wa pa Tsangano Turn-off, chiyambe chasungidwa m'khola lachokha kwa mwezi wathunthu chisanasakanizidwe ndi zinzake.