Kapinga nayenso amadya

Tiwerenge

Fonte Boa ali ku mapiri a ku Angónia, m'cigawo ca Tete. Dzina limeneli ndi la Cipwitikizi. Tanthauzo lake ndi kasupe wabwino.

Kumeneku mvula imayamba mu Novembala. Imagwa yambiri mpaka mu Malici. Ikagwa pabwalo lopanda udzu, madzi amakokolola dothi. Pabwalo pamakumbika ngalande. Madzi amadya maziko a nyumba.

Cifukwa ca ici, mabanja ena amabzala kapinga pakhomo. Mizu ya kapinga imagwira dothi. Ana amasewera pabwalo popanda matope.

Koma kapinga nayenso amamva njala. Kapinga wanjala sakula. Masamba ake amasanduka acikasu. Cakudya cake ndi manyowa kapena feteleza.

Manyowa

Anthu ambiri a ku Angónia amaweta ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku. Ndowe za ziweto zimenezi ndi cakudya ca zomera. Bambo amaunjika ndowe pamthunzi. Mayi amaikapo masamba ndi phulusa pang'ono. Ana amathirapo madzi. Mwezi uliwonse bambo amatembenuza muluwo ndi khasu.

Pakatha miyezi 3, manyowa amakhala atawola. Manyowa owola ndi akuda ndiponso ofewa. Sanunkha.

Mdzukulu wina anafunsa agogo ake kuti, "Agogo, bwanji simutenga ndowe za lero m'kholamu? Si zambiri izi?"

Agogo anayankha kuti, "Iyayi, mdzukulu wanga. Ndowe zaziwisi zimawocha mizu. Kodi iwe umadya nsima isanapse?"

"Iyayi, agogo."

"Nayenso kapinga amadikira kuti cakudya cake cipse."

Feteleza

Feteleza amagulidwa kusitolo kapena kumsika wa ku Ulongwe. Pathumba lake pamalembedwa zilembo zitatu: N, P ndi K.

N imabiriwitsa masamba.
P imakulitsa mizu.
K imalimbitsa comera conse.

Feteleza ndi wamphamvu kuposa manyowa. Akaculuka, kapinga amapsa nauma. Mtedza wokazinga umakoma ndi mcere wa pang'ono. Kapinga nayenso amafuna feteleza wa pang'ono.

Kathiridwe kabwino

1. Bambo amayamba wameta kapinga ndi cikwakwa.
2. Amadikira kuti mvula inyowetse dothi.
3. Amamwaza manyowa mopyapyala pabwalo lonse. Nsonga za udzu ziyenera kuoneka.
4. Ngati ndi feteleza, amamwaza mame atauma. Sathira mulu pamalo amodzi.
5. Akatha, amathirira madzi kuti cakudyaco cilowe pansi.
6. Amasamba m'manja ndi sopo.

Munthu wanzeru sathira feteleza kumwamba kutada mitambo ya mvula yamphamvu. Madzi angatenge feteleza yense, ndalama n'kupita pacabe. Sathiranso pafupi ndi citsime kapena kasupe. Feteleza ndi ndowe zimaipitsa madzi akumwa.

Mu Juni ndi mu Julayi ku Angónia kumazizira kwambiri. Kapinga sakula msanga. Iyi si nthawi yomudyetsa.

Mau kwa makolo

Manambala a pathumba amanena kuculuka kwa cakudya ciliconse. Pathumba lolembedwa 12-24-12, nambala yoyamba ndi ya nayitrojeni, amene ndi N uja. Pa makilo 100 a feteleza ameneyu, makilo 12 ndi nayitrojeni. Pa makilo 100 a ureya, makilo 46 ndi nayitrojeni. N'cifukwa cake ureya sacedwa kuwocha udzu.

Feteleza ndi wokwera mtengo. Banja licite bwino kumusungira cimanga ndi mbatatesi za kumunda. Kapinga wa pakhomo amakhuta ndi manyowa. Manyowa amathandizanso dothi kusunga cinyezi.

Ureya amaoneka ngati shuga. Mwana wamng'ono angamulawe. Thumba lisungidwe pamwamba, pamalo ouma, kutali ndi ana ndi ziweto.

Mafunso

1. Kodi mizu ya kapinga imagwira nchito yanji?
2. Kodi kapinga wanjala amaoneka bwanji?
3. Cifukwa ciyani agogo anakana ndowe zaziwisi?
4. Chulani zilembo zitatu za pathumba la feteleza.

Nchito

Lembani zilembo izi m'kope mwanu: N n, P p, K k.

Jambulani nyumba yanu ndi bwalo lake. Mukafika kunyumba, funsani makolo anu kumene amaika ndowe za ziweto. Mawa mudzauze anzanu m'kalasi.