Ndikwera ndege koyamba ndi ana awiri, ndiyambire pati?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 29, ndimakhala ku Chamama m'boma la Kasungu. Amuna anga amagwira ntchito ku Johannesburg, ine ndimatsala ndi munda. Chaka chino fodya wathu wayenda bwino ku okushoni ya Chinkhoma, ndiye tagwirizana kuti mu Julaye ndikawaone pamodzi ndi ana, wina wa zaka 4, wina wa miyezi 9 yemwe bambo ake sanamunyamulepo. Iwo akuti tikwere ndege. Ine ndege ndimangoionera m'mwamba. Apongozi anga akuti khanda limagontha m'kutu likakwera ndege, ndipo anzanga ayamba kale kubweretsa timaphukusi toti ndikapatse abale awo ku Joni. Tulo sindikutiona. Ndithandizeni.

Mayi wankhawa, Chamama

Mayi,

Mtima m'malo. Bambo a anawo aganiza bwino. Basi yodzera ku Tete, Harare ndi Beitbridge imatha pafupifupi masiku awiri, pomwe ndege yochoka ku Lilongwe osaima pena imatera ku Johannesburg maola atatu asanakwane. Zomwe zimasautsa mayi woyenda ndi ana nthawi zambiri ndi zimene sanakonze ali pansi, choncho tiyambire pomwepo.

Mwana aliyense, ngakhale wakhandayo, ayenera kukhala ndi pasipoti yakeyake. Yambani ndi masetifiketi a kubadwa ku ofesi ya National Registration Bureau kwa DC ku Kasungu, kenako mupite ku Immigration ku Lilongwe. Musagule tikiti mapasipoti asanatuluke, ndipo dzina la pa tikiti lifanane ndi la m'pasipoti chilembo ndi chilembo. Mu 2019 dziko la South Africa lidafewetsa lamulo lofuna setifiketi ya kubadwa kwa mwana aliyense wolowa m'dzikolo, komabe poti mukuyenda popanda bambo awo, nyamulani masetifiketiwo, kalata ya bambo yovomereza kuti ana ayende nanu, fotokope ya pasipoti yawo, keyala ya komwe akukhala ndi nambala yawo ya foni. Tikiti ikhale yopita ndi kubwerera. Mmalawi amaloledwa kukhala kumeneko masiku 30 popanda viza. Mukapyola, amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu.

Pogula tikiti nenani zaka za ana. Wosakwana zaka ziwiri amakhala pamiyendo panu ndipo mtengo wake ndi wochepa, koma ayenera kulembedwa ndithu. Wamkuluyo ali ndi mpando wake, ndiye pemphani mipando yogundizana. Funsaninso ngati ndegeyo iima pabwalo la ndege la Chileka, chifukwa kutera kawiri ndi ana ndi ntchito iwiri.

Bwalo la ndege la Kamuzu lili ku Lumbadzi, ndipo inu ochokera ku Kasungu mudzafikapo musanalowe mumzinda wa Lilongwe. Muyenera kukhala pabwalopo kutatsala maola atatu kuti ndege inyamuke. Musadalire minibasi ya tsiku lomwelo, yomwe ingaime pa Mponela kudikira kuti idzaze. Kagoneni kwa abale chapafupi dzulo lake, ana adzuke atapuma.

Chikwama chachikulu mudzachipereka pa kauntala ndipo mudzachionanso mutatera, choncho zonse zofunika panjira zikhale m'chikwama cha m'manja: matewera ochuluka kuposa omwe mukuganiza, zovala zosinthira ana ndi bulauzi yanu ina, majuzi, zipewa, mabuku awo a kusikelo, mankhwala omwe akumwa, ndi zitenje ziwiri. Chimodzi mubereke nacho khanda kuti manja akhale omasuka, dzanja lina ligwire wamkuluyo, lina mapepala. Pamalo osechera angakuuzeni kuti mumutsitse kaye mwanayo. Si chipongwe, amatero kwa aliyense. Zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 salola, koma chakudya ndi mkaka wa khanda amalola mukawaonetsa.

Pa za makutu, apongozi anu ali ndi kachoonadi pang'ono. Ndege ikamakwera, makamaka ikamatsika, mphamvu ya mpweya imasintha ndipo makutu amatsekeka, ena amamva kuwawa. Koma mwana sagontha nazo. Mankhwala ake muli nawo kale: muyamwitseni ndege ikamanyamuka komanso ikayamba kutsika, chifukwa kumeza kumatsegula makutu. Wamkuluyo azimwa madzi pang'onopang'ono kapena kutafuna bisiketi. Ngati wina ali ndi chimfine chachikulu kapena khutu likutuluka mafinya, kaonaneni ndi adokotala ulendo usanafike. Ndipo wina asakunamizeni kuti muwamwetse mankhwala ogonetsa. Kwa khanda ndi oopsa.

Wa zaka 4 uja ndi munthu womva, mufotokozereni kusadafike. Muuzeni kuti kudzakhala phokoso, adzamanga lamba, ndipo ndege nthawi zina imagwedezeka monga imachitira galimoto pamsewu wafumbi. Mupititseni kuchimbudzi musanakwere, ndipo m'ndegemo mulowe naye, poti madzi ake amakoka ndi mkokomo woopsa ana. Mutengereni kope ndi mapensulo a mitundu. M'thumba la malaya ake muikemo kapepala kolembapo dzina lake, nambala yanu ndi ya bambo ake. Khanda likalira musachite manyazi kapena kulikalipira. Akalola kumasula lamba, imirirani muliyendetse pakati pa mipando. Ogwira ntchito m'ndege alipo kuti akuthandizeni: adzakupatsani kalamba ka khanda, adzakuonetsani posinthira thewera. Paja safunsa adadya phula.

Tsono za maphukusi. Apa ndikuuzani mosapsatira: kanani. Pabwalo la ndege chilichonse chopezeka m'chikwama chanu ndi chanu. Mukapezeka chamba m'kaphukusi ka ufa komwe simunakatsegule, womangidwa ndinu, ana ali m'manja, mwini wake ali phee ku Chamama. Auzeni anzanuwo mwaulemu kuti makilogalamu a pa tikiti ndi owerengeka ndipo katundu wa ana wadzaza kale. Ngati pali wina yemwe simungamukanire, atsegule phukusilo inu mukuona, mulongedze nokha. Dziwaninso kuti nyama, zipatso ndi mbewu salola kulowa nazo ku South Africa popanda chilolezo, choncho nthochi za ana zithere m'ndege.

Bwalo la ndege la O.R. Tambo ku Johannesburg ndi lalikulu kwambiri, koma musanjenjemere. Tsatirani anzanu otsika nawo mpaka podinditsa mapasipoti, mutenge chikwama chanu, kenako mutuluke. Bambo sangalowe mkatimo, adzakudikirani potulukira, ndipo abwere ndi bulangete. Julaye wa ku Johannesburg amazizira kuposa wa ku Kasungu, moti usiku madzi amatha kuundana panja. Chokoma nchakuti nthawi ya kumeneko ndi yofanana ndi yathu, ndiye ana adzagona ndi kudzuka monga mwa masiku onse. Mwana akatentha thupi muli konko, thamangirani kuchipatala ndipo muwauze kuti mwachokera ku Malawi kuti amuyeze malungo, chifukwa ku Johannesburg matendawa si ofala ndipo dokotala sangafulumire kuwaganizira.

Apongozi anu akulankhula chifukwa chokonda zidzukulu. Khalani nawo pansi, muwafotokozere zomwe mwakonza, ndipo mukangotera muwaimbire foni amve mawu a ana. Mawa lomwe lino lawirirani kwa DC mukayambe za masetifiketi, poti mapepala ndiwo amachedwa kuposa china chilichonse. Muyende bwino, ndipo mubwere masiku 30 asanathe, nazale ya fodya idzakupezeni muli pakhomo.

Azakhali