Chozimitsira moto cha CO2: chidziweni musanachigwire

M'midzi mwathu muno majenereta, zigayo za dizilo ndi mabatire a sola zachuluka, ndipo petulo wa njinga zamoto akugulitsidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu. Moto wa zinthu zimenezi musauthire madzi. Petulo amayandama pamadzi ndipo moto umafalikira, pomwe madzi akakhudza waya, magetsi angakugwireni.

Mwina munaonapo pamalo omwetsera mafuta botolo lofiira lachitsulo lolembedwa CO2, lokhala ndi nyanga yakuda kutsogolo. Pa Chipwitikizi amati extintor. M'kati mwake muli mpweya wa carbon dioxide, womwe uja timatulutsa popuma, koma wopanikizidwa kwambiri.

Moto sungayake popanda okosijeni. Pa magawo 100 a mpweya umene tikupumawu, 21 ndi okosijeni. CO2 ndi yolemera kuposa mpweya wamba, choncho imaphimba moto ndi kukankhira okosijeni kutali. Siinyamula magetsi ndipo siisiya ufa m'makina.

Moto ukadali waung'ono, zimitsani magetsi ngati n'kotheka, solola kachitsulo kotsekera, lozetsani nyanga patsinde pa moto osati pamalawi, finyani chogwirira, nkumayendetsa uku ndi uku. Khomo likhale kumbuyo kwanu. Nyangayo musaigwire ndi manja: mpweya umatuluka wozizira pafupifupi madigiri 78 kunsi kwa ziro, ndipo umawotcha khungu ngati moto weniweni. Pa denga laudzu, nkhuni kapena nkhokwe sichithandiza kwenikweni, chifukwa mpweya ukabalalika makala amayakanso. Pamenepo ndi pa madzi ndi mchenga.

Tsono chimene ambiri sadziwa ndi ichi. Mpweya wolanda moto okosijeni umalandanso munthu. Ulibe mtundu, simungauone. Mu 1986 nyanja ya Nyos ku Cameroon inatulutsa CO2 yambiri usiku, ndipo anthu oposa 1,700 anafa pamodzi ndi ziweto zawo. N'chifukwa chake zipinda za makina zothira mpweyawu zokha zimayamba zaliza belu. Inu amene mumakagwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale, belulo likalira tulukani, osabwerera kukatenga chikwama.

Mukapopera m'kachipinda ka jenereta, tulukani msanga. Mutu kupweteka, chizungulire ndi kupuma mwabefu ndi zizindikiro zoti mpweyawu wakulowani. Wina akakomoka, tsekulani zitseko mphepo idutse musanalowe, mumutulutsire panja, mumugoneke chammbali ndipo muthamange naye kuchipatala. Khungu lopsa ndi kuzizira liviikeni m'madzi ofunda pang'ono, osalitikita kapena kuliwotha pamoto.